Volontiya wa pamalire alibe tisheti

Pa 23 Disembala 2024 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko la Mozambique lidatsimikiza kuti Daniel Chapo wa chipani cha Frelimo ndiye adapambana chisankho cha pa 9 Okutobala. Otsatira Venâncio Mondlane, amene ankapikisana naye, adakana kumva zimenezo, ndipo dziko lidayaka. Khirisimasi isanazirale, mabwato adayamba kukocheza tsidya lino la Shire, ku Nsanje, atadzaza amayi, ana, mitolo ya zovala ndi mapoto akuda bii, ambiri mwa iwo ochokera mbali ya Morrumbala. Malipoti a masiku amenewo ankatchula anthu 13,000. Chiwerengerocho chidasintha kalembera atachitika, monga chimachitira nthawi zonse, ndipo za manambala ndiwasiyira eni ake. Ine funso langa ndi lakuti usiku woyamba uja anthuwa adadya chiyani, ndipo adawaphikira ndani.

Inali sabata imene maofesi ambiri amakhala otseka, mabwana ali kunyanja. Chaka chomwecho mvula idadula chifukwa cha El Niño, moti m'Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya njala, Nsanje ili momwemo. Disembala kuchigwa cha Shire ndi mwezi umene anthu ena amalowa m'madambo, kupikisana ndi ng'ona, kukazula nyika kuti ana agone atalawako kanthu. Mwezi umenewo, chaka chimenecho, ndi pamene mayi wa ku Nsanje adasuzumira m'thumba la ufa, n'kuyang'ana banja lachilendo litakhala phee pansi pa mtengo wake, n'kuwonjezera madzi mumphika.

Mayi ameneyu m'malipoti mulibemo. Akafuna kumutchula amamuponya m'thumba limodzi ndi anzake onse n'kumatapo mawu a Chingerezi otanthauza anthu a m'dera lolandira alendo, ngati kuti iwo ndi malo chabe, ngati bwalo la mpira pomwe pakhomedwa matenti. Tisheti sapatsidwa, satifiketi salandira, alawansi amangoimva kwa anzake. Komatu volontiya woyamba wa pamalire ndi iyeyo, pamodzi ndi mwini bwato amene amaolotsa anthu usiku, nyakwawa imene imaloza pogona, mphunzitsi wamkulu amene amatsekula makalasi, ndi mnyamata wa kabaza amene amanyamula nkhalamba yotupa miyendo kupita nayo kuchipatala. Mlandu wanga ndi uwu: dziko lino lakhala likudyera thukuta la anthu amenewa kwa zaka pafupifupi 40, likumalandira mayamiko m'misonkhano ya kunja kuti Malawi ndi dziko la mtima wabwino, eni mtimawo akumatola nyenyeswa.

Volontiya winayo tonse timamudziwa, poti timamuona pa Facebook. Amafika patatha milungu iwiri kapena itatu, pagalimoto yokhala ndi chizindikiro cha bungwe pachitseko. Choyamba kutsika m'galimotomo chimakhala chikwangwani. Ana amaikidwa pamzere padzuwa la ku Nsanje, lija loti ukaponda mchenga umavina wekha, kudikira kuti mlendo wolemekezeka afike. Akafika pamakhala pemphero, malonje, mawu a apampando, mawu a oyimira apampando ena, kenako chithunzi cha mayi akulandira sopo ndi manja awiri atagwada. Ikamakwana 3 koloko galimoto yalizidwa, chifukwa anthu akuyenera kukagona ku Blantyre, ndipo pepala la alawansi lasayinidwa kale pabondo.

Ndikunena izi mutu uli pansi, chifukwa inenso ndidakwerapo galimoto yotere. Tidasonkha kumpingo, tidatolera zovala m'makomo, tidadzaza matumba. Titakamasula kumeneko mudatuluka majekete a ubweya oyenera Juni wa ku Dedza, nsapato za gogoda, ndi tayi mmodzi wofiira amene mpaka lero sindidziwa mwini wake ankaganiza chiyani. Mayi wina wachikulire adalandira jekete lake, adathokoza bwinobwino, kenako adandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Bambo, chigubu mulibe? Tikutungira m'poto, ndiye tikatunga sitingaphike, tikaphika sitingatunge.” Tidayenda ulendo wa maola angapo, tidawotcha mafuta a ndalama zogulira zigubu zambirimbiri, koma palibe mmodzi wa ife adaganiza zoyamba wafunsa. Amene adamubwereka chigubu tsiku limenelo anali mayi wa nyumba yoyandikana ndi sukuluyo, yemwe sitidamupatse ngakhale moni.

Nkhani imeneyi siidayambe dzulo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika pachimake, makamaka kuyambira 1986, anthu a ku Mozambique adakhamukira kuno mpaka kupitirira miliyoni imodzi, pamene kalembera wa 1987 adapeza kuti Amalawi tonse tinali pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu idasanduka matauni a udzu. Koma khamu lalikulu silidalowe mumsasa ayi. Lidangolowa m'midzi, ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mwanza, ku Mulanje, ku Mangochi. Amene adayendapo pamsewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza akudziwa kuti malire ndi msewu womwewo. Pa Lizulu ukhoza kugula tomato uli ku Malawi n'kulandira chenji uli ku Mozambique. Nthawi ya nkhondo mbali imodzi ya msewu idatsala mabwinja okhaokha, mbali inayo nyumba zidathithikana mpaka kusowa poponda.

Anthu aja sankaolokera kuchilendo. Mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 udadula pakati pa Angoni ndi Achewa a ku Ntcheu ndi abale awo a ku Angónia, pakati pa Asena a ku Nsanje ndi a ku Mutarara, pakati pa Alomwe a ku Mulanje ndi a ku Milange, pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi a ku Niassa. Wothawa nkhondo ankafika pakhomo n'kutchula mfunda wake, mwini nyumba n'kupeza kuti ndi msuweni. Ambiri a ife amene lero timadzimenya pachifuwa kuti ndife eni nthaka, agogo athu adaoloka mzere womwewo akuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Tikamakamba za othawa kwawo tizikumbukirako zimenezi, mwina mawu angatsikeko pang'ono.

Pali chinthu china cha nthawi imeneyo chimene ndimafuna aliyense wofuna kukathandiza pamalire atachidziwa. Mu 1990 mtedza udasiya kufika pachakudya chimene othawa nkhondo ankalandira. Anthu adatsala ndi chimanga, nyemba pang'ono ndi mafuta. Posakhalitsa kudabuka matenda a pellagra, amene amadza munthu akamadalira chimanga chokhachokha: khungu la m'khosi ndi m'manja limada n'kumasupuka ngati lapsa, m'mimba mumatseguka, zikafika poipa mutu umasokonezeka. Anthu pafupifupi 18,000 adadwala. Madokotala atafufuza adapeza kuti okhala m'misasa ndiwo ankagwidwa kwambiri kuposa okhala m'midzi, ndipo amene anali ndi kadimba kapena mwayi wopeza nsomba ndi mtedza ankapulumuka. Tamvani bwino pamenepo. Dongosolo lonse la mayiko, ndi malole ake ndi makaundula ake, lidaphonya kanthu kakang'ono, ndipo amene adatseka mpatawo mosadziwa anali mlimi amene adagawira mlendo mizere iwiri ya m'dimba lake, ndi msodzi amene adamulola kukoka nawo khoka.

Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, alendo adayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 ambiri anali atapita. Adatsala ndi mapiri ometedwa mpala. Anthu miliyoni amaphika tsiku lililonse, amamanga nyumba, amawotha moto, ndipo nkhuni zake sizidachokere kumaofesi a mabungwe ku Geneva. Sindikana kuti m'madera ena mudatsala mijigo, zipatala zing'onozing'ono, timisewu ndi mbande za mitengo. Koma kafunseni agogo a ku Tsangano kapena ku Tengani kuti nkhalango yawo idabwerera, mumve yankho lake.

Mu 2015 zidachitikanso. Asilikali a boma la Mozambique ndi a Renamo atayambanso kuthamangitsana m'chigawo cha Tete, anthu adayamba kufika pamudzi wa Kapise ku Mwanza, mudzi woti malire ukuwaona ndi maso. Pofika miyezi yoyambirira ya 2016 anali atakwana pafupifupi 10,000. A bungwe la Médecins Sans Frontières adadandaula poyera kuti madzi ndi zimbudzi n'zochepa kwambiri, malungo ali ponseponse. Mu Epulo chaka chomwecho anthu adayamba kusamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno, msasa wakale umene udatsekedwa mu 2007. Kusamutsako kunali koyenera. Pangano la mayiko a mu Africa la 1969 limanena kuti othawa kwawo azikhala patali ndithu ndi malire, kuopa kuti amene adawathamangitsa angawalondole. Koma malole atanyamuka, mabungwe ndi makamera adapita nawo limodzi. Kapise idatsala ndi maenje a zimbudzi, zitsa za mitengo ndi minda yopondedwa. Amene adapereka malo miyezi yonse ija palibe adawerengera kuti adataya zingati.

Ena anena kuti umu ndi mmene zimakhalira kulikonse. Si zoona. Russia itaukira Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, anthu wamba a ku Poland adathamangira pachipata cha Medyka ndi pasiteshoni ya sitima ya Przemyśl ndi magalimoto awo, supu, mabulangete, n'kutengera alendo kunyumba kwawo. Mtima wake ndi womwewu wa mayi wa ku Nsanje. Kusiyana kwake ndi kwakuti mwezi usanathe boma la Poland lidakhazikitsa lamulo loti aliyense wosunga ndi kudyetsa wothawa nkhondo azilandira ndalama zokwana 40 złoty patsiku pa munthu aliyense. Ku Britain banja lolandira anthu a ku Ukraine linkapatsidwa £350 pamwezi ngati chithokozo. Mayiko olemera, kumene munthu akalandira mlendo sagona ndi njala, adaona kuti wolandira alendo ngofunika kumugwira mkono. Kuno, kumene kulandira mlendo ndiye kuti mwana wako adya theka la mtanda, timati ndi chikhalidwe chathu, tiombe m'manja.

Ndikudziwa yankho lake: ife ndalama tilibe. Inenso sindikupempha mapaundi. Ndikunena kuti m'ndalama zomwezo zimene zimabwera ngozi ikagwa, mudzi wolandira alendo uzilembedwa pamzere woyamba. Khomo limene lasunga banja lizilowa m'kaundula wa chakudya tsiku lomwelo limene banjalo lalembedwa. Mjigo umene wapopedwa usana ndi usiku mpaka kuthyoka uzikonzedwa anthu asanasamutsidwe. Sukulu imene makalasi ake adasanduka zipinda zogona izilandira zimbudzi zatsopano ndi madesiki. Ntchito zokumba, zophika, zolondera ndi zomasulira zizipita kwa anyamata ndi atsikana a pamudzipo, ndipo zizikhala za malipiro, m'malo mozitcha zongodzipereka pamene wobwera kudzaziyang'anira kuchokera ku Lilongwe akulandira ya chakudya, ya malo ogona ndi ya mafuta. Msonkhano umodzi wa masiku atatu kuhotela ya kunyanja, wokambirana za mmene tingalimbikitsire anthu a m'madera a m'malire, ndalama yake ikhoza kukonza mijigo ingati? Amene amasayina mapepala amenewo akudziwa yankho kuposa ine.

Palinso amene amati mukayamba kulipira anthu chifukwa cholandira alendo mupha umunthu, mawa palibe adzatsekule chitseko asanaone ndalama. Mawuwa amamveka okoma, koma amene amawanena akuoneka kuti adaiwala za kumudzi. Maliro akagwa, khamu lonse limafikira pakhomo limodzi. Kodi timawasiya anamfedwa kuti adyetse okha anthu onsewo pofuna kuteteza umunthu wawo? Amfumu amatuma anyamata kuzungulira ndi lichero, khomo lililonse limathira ufa, amuna amabwera ndi nkhuni, amayi amatunga madzi, chipepeso chimalembedwa m'kope n'kuwerengedwa pagulu. Palibe adanenapo kuti mwambo umenewu udapha chifundo. Ndiwo umachititsa kuti munthu asaope kulandira maliro a m'bale wake. Ngakhale mbale ya ndiwo imene mnzako wakupatsira pampanda siibwerera yopanda kanthu. Anthu a m'malire akulandira maliro a dziko lonse, ife a m'tauni tikubwera kudzajambula.

Tikapanda kutero zotsatira zake timazidziwa. Lole ya chakudya imafika, alendo amafola, mwini mudzi amene wakhala akuwadyetsa kwa mwezi amaima potero kuonerera, nkhokwe yake ili mbee. Mawa lake nayenso amakafola, n'kunena kuti wachokera kutsidya. Akuluakulu akatulukira amafuula kuti anthu akumudzi ndi akuba, akulowa m'kaundula mwachinyengo. Nanga Msena wa tsidya lino ndi wa tsidya lija mungawasiyanitse ndi chiyani, poti ena minda yawo ili mbali zonse ziwiri? Ndipo amene adya mbewu yake chifukwa cha alendo, mukamuuza kuti iye sakuyenera thandizo, mwabzala chidani chimene chidzamere chaka china. Mawu aja oti othawa kwawo amadyerera, akudya bwino kuposa ife, amabadwira pamzere wa chakudya.

Tsono kodi wa m'tauni amene mtima wamugunda ataona zithunzi angokhala? Ayi, apite. Manja amafunika, ndipo mavolontiya a Red Cross, alangizi a zaumoyo ndi anamwino amene amagona komweko milungu yathunthu ndimawavulira chipewa. Koma apite ngati mkamwini wofika kumene pamudzi, wofunsa kaye kuti khasu lili pati. Ayambire kwa bwanamkubwa ndi kwa amfumu, amve chimene chikusowa. Nthawi zambiri adzapeza kuti ndalama imathandiza kuposa katundu, chifukwa chigubu, poto ndi mphasa zimagulidwa pamsika wa pafupi, ndalamayo n'kutsala m'dera lomwelo. Adzapezanso kuti ntchito yeniyeni ndi yonyansa ndi yotopetsa. Pamalo pamene anthu zikwi adzadzana mvula ili pakati, munthu wofunika kwambiri ndi wokumba chimbudzi ndi woima pamjigo kuthira klorini m'ndowa iliyonse. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo misasa ya ku Nsanje idaionapo kolera kalelo nthawi ya nkhondo. Chithunzi cha munthu ali m'dzenje la chimbudzi sichikopa anthu pa intaneti, n'chifukwa chake ntchitoyo imasowa olimbirana.

Pali ntchito ina ya chete: kukhala pansi ndi kope kulemba mwana amene waoloka yekha, dzina la mayi ake, mudzi wake, kuti abale akamadzamufuna apezeke. Pali kumasulira. Amene amadziwa Chisena, Chipwitikizi, Chiswahili kapena Chifalansa ali ndi mphatso yoposa belo la kaunjika, chifukwa mayi wodwala amene sakutha kufotokoza pomwe pakumupweteka amalandira mankhwala olakwika. Ndipo foni ikhale m'thumba. Munthu amene wathawa chifukwa cha ndale, nyumba yake itawotchedwa poganiziridwa kuti ndi wa chipani chakuti, inu n'kuika nkhope yake pa Facebook ndi dzina la malo pomwe ali, mwamuthandiza kapena mwamuloza? Amene adamuthamangitsa nawonso ali ndi mafoni.

Ndinenenso chinthu chimene sitikonda kuchimva. Si aliyense wothamangira pamalire amene ali ndi mtima wabwino. Pamene pali atsikana anjala opanda makolo, afisi amafika msanga, ena atavala tisheti yomweyo ya volontiya. Mu 2002 lipoti la bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR ndi la Save the Children lidaulula kuti ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone ogwira ntchito zachifundo ena ankasinthanitsa chakudya ndi matupi a ana. Ku Poland komwe kuja akuluakulu adayamba kulemba mayina a madalaivala ongodzipereka ataona kuti aliyense akhoza kuimika galimoto n'kunyamula mayi ndi ana osadziwika kopita. Choncho wina akakufunsani chiphaso, akakulembani dzina, akakuuzani kuti simungalowe m'tenti ya amayi, musakwiye kuti ine ndabwera kudzathandiza. Amene amakwiya ndi mafunso oterewa ndi amene ndimayamba kumukayikira.

Mpaka pano ndakamba za alendo amene ndi abale athu, olankhula ngati ife. Mayeso enieni ali kumpoto. Pa Songwe ndi njira zina za ku Karonga ndi Chitipa pamalowa anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, opanda mfunda woti atchule, opanda msuweni. Amasungidwa kaye ku Karonga, kenako ulendo wa ku Dzaleka m'boma la Dowa. Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, idasanduka msasa mu 1994, malo oyenera anthu 10,000 kapena 12,000, ndipo lero muli oposa 50,000. Malawi itavomereza pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo idakana mfundo zina, monga ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la 1989 likadali m'mzimu womwewo. Munthu amabadwira mumsasa, amakulira momwemo, amakwatira momwemo, osaloledwa kukafuna ganyu mwalamulo kunja kwa mpanda, pamene thandizo la chakudya likungodulidwa chaka ndi chaka.

Mu 2023 boma lidalamula kuti onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo. Mu Meyi apolisi ndi asilikali adazungulira m'makwalala a Lilongwe, kutola anthu mazanamazana, ana omwe, n'kukawatsekera kaye kundende ya Maula. Mashopu adatsekedwa, katundu adalandidwa. Ambiri a ife tidaombera m'manja kuti Maburundi achoke, atilanda bizinesi. Ena mwa oombawo ndi omwe aja amasonkha zovala kumpingo. Ndiye kuti timamukonda wothawa kwawo akakhala pansi, wopanda nsapato, akulandira sopo ndi manja awiri. Akadzuka n'kutsekula kagolosale, n'kumagulitsa mpunga motchipa kuposa ife, wasanduka mdani. Chifundo chotere n'chofuna kuti mnzako akhalebe pansi kuti iwe uzioneka wamtali. Ngati pali wina wolowetsa mfuti kapena wozembetsa anthu, malamulo alipo, agwidwe iyeyo ndi dzina lake. Mwana wa sitandade 3 amene adagona ku Maula adazembetsa ndani?

Chodabwitsa n'chakuti ku Dzaleka komweko mavolontiya ambiri ndi othawa kwawo eni ake. Wofika kumene amalandiridwa ndi mnzake amene adafika zaka khumi zapitazo, amagona pakhonde pake, amamasuliridwa ndi iye, ana ake amaphunzitsidwa ndi iye. Mu 2014 mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mumsasamo, ndipo Amalawi opita kukaonerera amagona m'nyumba za othawa kwawo, kudya chakudya chawo. Anthu amene tidawatsekera mumpanda ndi amene akutiyalira mphasa.

Nafenso tidathawapo, ngakhale sitikonda kukumbutsidwa. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi adathawa zikwanje ndi moto wa achinyamata a chipani cholamula chifukwa chokana kugula khadi la chipanicho, n'kukaunjikana ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Mu 2008 ndi 2015 abale athu ku South Africa adagona m'matenti ndi m'mabwalo a polisi akuthawa zipolowe zodana ndi alendo, mpaka boma lidatumiza mabasi. Kumeneko nako kunali mayi wina amene adabisa Mmalawi kuseri kwa nyumba yake, ndipo dzina lake sitilidziwa.

Aja adaoloka Shire mu Disembala 2024 adasonkhanitsidwa ku Nyamithuthu, malo omwe aja makolo awo ena adakhalapo zaka 35 m'mbuyomo, ndipo zinthu zitazizira kwawo ambiri adabwerera m'miyezi yoyambirira ya 2025. Matenti adapindidwa, malipoti adalembedwa, mabungwe adathokozana. Mozambique idzavotanso, Cabo Delgado sikudazizire, kum'mawa kwa Congo mfuti zikulirabe, ndipo thandizo la kunja lachepa chichokereni pomwe America idadula ndalama zake kumayambiriro kwa 2025. Mabwato adzakochezanso, ndipo mwina nthawi imeneyo lole yoyera idzachedwa kuposa kale, kapena siidzabwera n'komwe. Katundu yense adzagwera mayi yemwe uja.

Aphungu a ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Neno, Ntcheu, Dedza, Mulanje ndi Karonga, inu amene anthu anu ndiwo amasenza mtolowu, mukakhala m'Nyumba ya Malamulo tafunsaniko nduna yoona za chitetezo cha m'dziko funso limodzi lokha, ndipo mupemphe kuti yankho libwere lolembedwa. Mwa ndalama zonse zimene zidalowa m'dziko muno m'dzina la othawa kwawo a ku Nsanje, zingati zidafika pakhomo la amene adawasunga milungu yoyambirira ija? Kaundula wa amene adaoloka alipo, mayina, zaka, midzi yochokera, zonse zili m'kompyuta. Kaundula wa amene adawaphikira ndikufuna ndimuone.